Kalabu ya 'Nsanza ndi Njala': nyumba yachiwiri ya mabwana a nkhondo ku London

Ananu, sabata ino makalata anu ayambe apumako kaye. Ndikufuna tikayende ku Mangalande, mumzinda wa London, mumsewu wotchedwa Pall Mall, komwe kuli nyumba ina imene akuluakulu a asilikali amasonkhanamo kuyambira makedzana.

Dzina lake lenileni ndi Army and Navy Club, kutanthauza kalabu ya asilikali a pamtunda ndi a pamadzi. Koma eni ake saitchula choncho ayi. Iwo amangoti The Rag, pachathu tingati Nsanza. Tangoganizani abale, anthu a nyota paphewa, mamendulo ali mbwee pachifuwa, n'kumanyadira kuti madzulo ano tikadyera ku Nsanza!

Musaganize za kalabu ya magule ndi chimkuzamawu imene achinyamata mumaidziwa ija. Iyi ndi nyumba ya mamembala okhaokha. Muli zipinda zogona, chipinda chodyera, bala, laibulale ndi mipando ya ndakhuta ndalema yowerengerapo nyuzi. Munthu wongodutsa mumsewu salowamo, ngakhale thumba lake litafufuma bwanji. Kwa zaka zambiri, ngakhale mkazi wa membala weniweniyo ankathera pakhomo.

Chidayambitsa makalabu otere si chuma monga ambiri angaganizire, koma kusowa kolowera.

M'chaka cha 1815 nkhondo yolimbana ndi Napoleon wa ku France idathera pamalo otchedwa Waterloo. Mtendere utabwera, boma la Britain lidachepetsa gulu lake lankhondo, ndipo maofesala ambirimbiri adauzidwa kuti akadikire kunyumba uku akulandira theka la malipiro. Koma kunyumba kwake kuti? Awa adali amuna amene adakulira m'misasa ndi m'zombo. Ambiri adali mbeta zachimuna. Ankachita lendi katchipinda kamodzi ku London, chakudya n'kumakagula m'nyumba za mowa, chodula koma chosakoma, n'kubwerera kukagona okhaokha.

Chaka chomwecho mkulu wina wa asilikali, General Thomas Graham, amene ankadziwikanso kuti Lord Lynedoch, adasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa United Service Club. Nzeru yake idali yosavuta kuimva: mutu umodzi susenza denga. Aliyense asonkhe kangachepe pachaka, tipeze nyumba imodzi, tilembe akhukhi, tigule nyama ndi vinyo pamodzi kuti mtengo utsike. Ofesala wa theka la malipiro adayamba kudya ngati mfumu pamtengo wa mmphawi, kuwonjezera apo adapeza anzake omvetsa zimene adaziona kunkhondo popanda kuwafotokozera zambiri.

Za mtengo wa chakudyazi ankazitenga mwamphamvu zedi. Pali nkhani imene imakambidwa ya Duke wa ku Wellington, mkulu amene adagonjetsa Napoleon uja. Akuti tsiku lina atadya nyama pakalabupo adamulipiritsa mapeni 15 m'malo mwa shilingi imodzi, yomwe idali mapeni 12. Kusiyana kwake kudali tiki imodzi yokha, agogo anu akuidziwa tiki. Mkuluyo, yemwe adali mmodzi mwa anthu olemera ndi olemekezeka m'dziko lonselo, sadalole mpaka tikiyo idachotsedwa pabilu. Ena angati kuumira. Ine ndimaona kuti adadziwa zoti iye akangokhala chete, mnzake wosauka wa patebulo linalo adzalipiritsidwanso chimodzimodzi, ndipo adzachita manyazi kudandaula.

Vuto la kalabu yoyambayi lidali kusankha. Inkalandira okhawo a udindo wa Major kupita m'mwamba, ndipo kwa a pamadzi kuyambira pa Commander. N'chifukwa chake idapatsidwa dzina loti The Senior, kunena kuti ya akuluakulu. Achinyamata adayambitsa yawo m'chaka cha 1827, koma pasanathe nthawi nayonso idadzaza.

Ndiye mu 1837 maofesala ena atabwerera kuchokera ku India adapeza kuti konsekonse mndandanda wa odikira ndi wautali, munthu ukhoza kuchita imvi dzina lako lisanafike. Motsogozedwa ndi Sir Edward Barnes, amene adavulala pankhondo ya Waterloo ndipo pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka, adaganiza zoyamba yawo. Poyamba ankafuna kuti ikhale ya asilikali a pamtunda okha. Atapita kwa Wellington kukamupempha kuti akhale kholo la kalabuyo, mkuluyo adawauza kuti alola pokhapokha atatsekuliranso khomo a pamadzi. Adamvera, ndipo dzina lidakhala Army and Navy Club. Mwatsoka Barnes adamwalira mu 1838, osadyerera thukuta lake.

Nanga Nsanza zidachokera kuti?

Membala wina wovutavuta, Kaputeni William Duff, adafika pakalabupo usiku kwambiri ali ndi njala. Chakudya chimene adachipeza chidali chochepa komanso chosamugwira mtima. Pokwiya adayerekeza malowo ndi kanyumba kena kotchovera juga, konyansa, komwe ankapitako anthu oti aluza zonse n'kutsala ndi timakobiri. Kanyumbako kankatchedwa Rag and Famish, ndiko kuti Nsanza ndi Njala. Iye ankafuna kunyoza, koma anzakewo m'malo mopsa mtima adafa nalo phwete. Dzinalo adalitola, mpaka ena adapangitsa mabatani a jekete okhala ndi chithunzi cha munthu wa nsanza akukukuta fupa. Pamene ankatsekula chinyumba chawo chatsopano mu Pall Mall m'chaka cha 1851, chomangidwa motengera nyumba ina yachifumu ya mumzinda wa Venice ku Italy, dzina la Nsanza lidali litakanirira kale. Mpaka lero silidachoke.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna inu a pabanja mutchere khutu. Kalabu idakula mphamvu chonchi chifukwa usilikali wa nthawi imeneyo sunkalifuna banja.

Pakati pa maofesala padali kamwambi kakuti wa nyota zochepa asakwatire, Kaputeni akhoza kukwatira, Major ndi bwino akwatire, koma Colonel yekha ndiye ayenera kukhala ndi mkazi. Ankati mnyamata akakwatira msanga mtima wake umagawikana, ndalama zake zimachepa, ndipo madzulo amathamangira kunyumba m'malo mokhala ndi anzake. Ngakhale pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, ofesala sankalandira alawansi ya banja asanakwanitse zaka 30. Kwa asilikali wamba zinthu zidali zowawa koposa. M'masiku a Wellington gulu likamapita kunja, akazi 6 okha pa amuna 100 alionse ndi amene ankaloledwa kutsagana ndi amuna awo, ndipo ankachita kuwasankha pa maere. Otsalawo ankasiyidwa padoko ndi ana kumsana, ena osadzawaonanso amuna awo.

Choncho mnyamata ankalowa usilikali asanafike zaka 20, n'kukhala zaka khumi kapena kuposerapo akudya, kumwa ndi kucheza ndi amuna okhaokha m'mesi ya kubaraki. Akapita kutchuthi ku London, kalabu idali mesi yomweyo koma yofewerapo mipando. Pofika nthawi yokwatira, munthuyo adali kale ndi kwawo kwina. Mkazi ankalowa m'banja n'kupeza kuti ali ndi mkazi mnzake wa njerwa ndi matabwa, woti sangakangane naye, sangamuone n'komwe mkati mwake. Makalata a bambo ankafikira kukalabu. Wapakhomo wa kalabu adaphunzitsidwa kusaulula ngati bwana ali mkati kapena ayi. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa amene ankavumbwa kawirikawiri adali mayi ndi ana.

Sindikunena kuti kalabu idali yoipa yokhayokha. Amene tidagwirapo ntchito m'mawodi timadziwa mmene bambo wopuma pantchito amafotera msanga akasowa ocheza nawo. Munthu amene waona anzake akufa pambali pake ali ndi zinthu zina zimene sangathe kumuuza mkazi wake, osati chifukwa chomubisira, koma chifukwa mawu ake sapezeka. Masiku ano madokotala ali ndi dzina la vuto limeneli ndipo pali uphungu wake. Kalelo kudalibe. Mankhwala okhawo adali kukhala pafupi ndi mnzako amene adaliko, ngakhale nonse mutangokhala duu, wina ndi nyuzi yake, wina ndi kaliwo wake. Mbali imeneyi ndimaipatsa ulemu. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti mankhwalawo ankabwera ndi botolo, ndipo ankamutalikitsa munthu ndi a kunyumba kwake amene akadamuthandizanso.

Kulowa m'makalabu amenewa kudali ndi mwambo wake. Sumadzilembetsa wekha. Membala mmodzi ankayenera kukutchula, wina n'kuvomereza kuti amakudziwa ndipo ndiwe munthu wabwinobwino. Kenaka pankakhala chisankho chachinsinsi: aliyense ankaponya kampira m'bokosi, koyera ngati akukufuna, kakuda ngati sakukufuna. Timipira takuda tochepa chabe tinkakwana kukugwetsa, ndipo sumadziwa kuti wakuponyera ndani kapena walakwa chiyani. Manyazi ake ankagweranso amene adakutchula uja. Mabokosi a timipirawa ambiri adasanduka zokongoletsera, masiku ano ndi komiti imene imaunika maina, koma zoti wina akuperekeze zikadalipo m'makalabu ambiri.

Ukalowa, malamulo ena ndi a zovala: m'chipinda chodyera chachikulu mwambo wakhala wa jekete ndi tayi, ngakhale kuti zaka zino adafewetsako. Kuyala mapepala a bizinesi patebulo lodyera kumaonedwa ngati kupanda mwambo, ndipo foni ili ndi malo ake oyankhulira. Wantchito sumamupatsa ndalama ya m'manja. M'malo mwake mamembala amasonkha thumba limodzi nyengo ya Khirisimasi loti antchito onse agawane, kuti wolemera asamatumikiridwe bwino kuposa wosauka. Mukuona kuti nkhani ya tiki ija sidathe.

Mwambo umene ine umandisangalatsa koposa ndi wa tebulo lalitali limene limapezeka m'makalabu ambiri a ku London. Ukabwera wekha sukakhala pakona ngati wolaula. Umakakhala pampando wopanda munthu patebulo limenelo, pafupi ndi aliyense amene wamupeza, kaya mukudziwana kaya ayi, n'kuyamba kucheza. Amene adaganiza zimenezi ankaudziwa ululu wodya wekha.

Miyambo ina maofesala adachita kubwera nayo kuchokera m'mamesi a kubaraki ndi m'zombo, ndipo imaoneka bwino pa madyerero akuluakulu. Chakudya chikatha, patebulo pamabwera vinyo wotsekemera wa ku Portugal wotchedwa port. Botolo limayenda kulowera kumanzere basi, aliyense kudzithirira n'kupatsira mnzake, osalibweza m'mbuyo. Palibe amene amalawa mpaka wapampando ataitanitsa kuti amwere ulemu wa Mfumu. Asilikali ambiri a pamtunda amaimirira, koma a pamadzi amamwa ali chikhalire. Chifukwa chimene chimakambidwa n'chakuti m'zombo zakale denga lidali lalifupi, ndipo Mfumu William IV, amene adagwirapo ntchito ya pamadzi ali mnyamata, adagunditsapo mutu poimirira, basi n'kulamula kuti azikhala pansi. Pa 21 October chaka chilichonse a pamadzi amakumbukira nkhondo ya Trafalgar ya mu 1805, pomwe mkulu wawo Horatio Nelson adapambana koma n'kufera pomwepo. Pomwera chikumbutso chake, chipinda chonse chimangoti zii.

Monga namwino ndisabise: port ameneyu, pamodzi ndi nyama yofiira ya tsiku ndi tsiku, si bwenzi la thupi. Nthenda ya gout, imene imatupitsa ndi kuwotcha mfundo ya chala chachikulu cha kuphazi, imakonda anthu a kadyedwe kotere, ndipo ojambula zithunzi zoseketsa a ku Britain ankakonda kujambula Colonel wokalamba ali pampando wa kukalabu, phazi lili m'bandeji. Za chiwindi ndiye sindinena.

Padalinso lamulo la patebulo lakuti osakamba za ndale, za chipembedzo, kapena kutchula dzina la mkazi. Cholinga chidali kupewa ndewu, poti m'masiku amenewo amuna awiri akakangana pa za mkazi ankatha kukathetsana ndi mfuti m'mamawa. Komabe a pamadzi adali ndi mawu omwera a tsiku lililonse la sabata, ndipo a Loweruka adali omwera akazi awo ndi zibwenzi zawo, wina n'kuyankhira chapansipansi kuti anthu awiriwa asadzakumane. Nthabwala yake ndi yomweyi imene imagwetsa misozi m'makomo ambiri. M'chaka cha 2013 akuluakulu a gulu la pamadzi adasintha mawuwo kuti azingomwera mabanja awo, poona kuti patebulo pomwepo tsopano pamakhalanso maofesala aakazi.

Mbiri ya makalabuwa ukaiyang'anitsitsa ndi mbiri ya anthu otsekeredwa kunja. Nsanza idayamba chifukwa The Senior idadzaza. Nayonso itadzaza, maofesala ena adayambitsa Naval and Military Club mu 1862. Iyi idakakhala m'nyumba ya nambala 94 mumsewu wa Piccadilly, momwe ankakhala nduna yaikulu Lord Palmerston mpaka imfa yake mu 1865. Pazipata zake ziwiri padalembedwa mawu osonyeza polowera ndi potulukira ngolo za akavalo, ndiye anthu adangoitcha In and Out.

Koma onsewa adali maofesala. Nanga msilikali wamba, amene ankanyamula mfuti ndi chikwama kumsana?

Amene adamukumbukira adali namwino, ndipo apa mundilole ndinyadeko pang'ono. Mayi Ethel McCaul adasamalira ovulala pankhondo ya Mabunu ku South Africa, imene idachitika kuyambira 1899 mpaka 1902. Atabwerera kwawo adaona kuti anyamata amene adawamanga mabala aja akafika pasiteshoni ya sitima ya Waterloo ku London, podikira sitima yopita kubaraki kapena kudoko, adalibe pogona pabwino. Ankathera m'mabala ndi m'manja mwa akuba, kamalipiro konse n'kupita usiku umodzi. Mayiyu adayamba kupempha thandizo kwa anthu, ndipo mu 1904 mwala wa maziko a Union Jack Club udaikidwa. Mfumu Edward VII idatsekulira kalabuyo mu 1907. Ikadalipo pafupi ndi siteshoni yomweyo, ndipo imalandira asilikali wamba pamodzi ndi mabanja awo.

Pakhoma lina m'kalabu imeneyo padalembedwa maina a onse amene adalandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain. Limodzi mwa mainawo a ku Zomba mukulidziwa: Alexander Cobbe, amene adaipata ku Somaliland mu 1902 akutsogolera asilikali a King's African Rifles, ndipo baraki ya Cobbe idatengera dzina lake. Gulu la KAR lidakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba adali a kuno kwathu. Azigogo athu adamenya nkhondo mpaka ku Burma. Koma kufikira chakumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda maofesala awo adali azungu, kotero khomo la makalabu a mu Pall Mall lidali la bwana wopita kutchuthi, osati la msilikali amene adagona naye m'ngalande imodzi.

Amayi nawo adadikira nthawi yaitali. Chapafupi pomwepo, pabwalo la Waterloo Place, padaimikidwa chipilala cha Florence Nightingale mu 1915, mayi amene adasintha kasamalidwe ka asilikali odwala pankhondo ya ku Crimea. Mabwana ankachidutsa tsiku ndi tsiku popita kukadya m'nyumba zimene mwini chipilalayo sakadaloledwa kukhala membala. Manamwino a usilikali adayamba kuvala nyota za maofesala mu 1941, koma makalabu adatenga zaka zina zambiri kuti awaone ngati anzawo. Poyamba amayi ankaloledwa ngati alendo, m'chipinda chawochawo, kwina mpaka khomo lolowera lawolawo.

Chidasintha zinthu, kunena zoona, si chifundo koma thumba. Nkhondo yachiwiri itatha maiko amene ankalamulidwa ndi Britain adayamba kulandira ufulu mmodzimmodzi. Lamulo lokakamiza achinyamata kulowa usilikali lidatha, omaliza adatuluka mu 1963, ndipo gulu lankhondo lidachepa. Maofesala a m'badwo watsopano ankakwatira msanga, n'kumakhala kunja kwa mzinda, madzulo kuthamangira sitima kuti akaone ana asanagone. Zinyumba zikuluzikulu zija zidatsala ndi nkhalamba zochepa zosinza m'mipando, pomwe denga likufuna kukonza ndipo antchito akufuna malipiro.

A ku Nsanza adachita zinthu zimene ena adaziona ngati kugwetsa kachisi. Adaphwasula chinyumba chokongola cha mu 1851 chija n'kumanga china chamakono pamalo pomwepo, chimene chidatsekulidwa mu 1963, mbali ina ya malowo n'kukhala ya maofesi obweretsa ndalama. Okonda zakale adalira, koma kalabu idapulumuka. Idapulumukanso mu 1974 pamene gulu la IRA, pa mkangano wa ku Northern Ireland, lidaponya mabomba m'makalabu angapo a asilikali ku London, kuphatikizapo Nsanza ndi In and Out.

The Senior, mayi wa makalabu onsewa, sidapirire. Idatsekedwa mu 1978, ndipo chinyumba chake cha pa nambala 116 Pall Mall chidatengedwa ndi bungwe la akuluakulu a makampani lotchedwa Institute of Directors. Panja pake padatsala mwala umene udaikidwa mu 1830 kuti Wellington azipondapo pokwera kavalo.

In and Out idachoka pamalo ake a ku Piccadilly n'kusamukira pa nambala 4 St James's Square mu 1999, pafupi ndi Nsanza. Nyumba imene idalowamo idali ya Nancy Astor, mayi woyamba kukhala pampando m'nyumba ya malamulo ya Britain mu 1919. Kuyambira mu 2010 lamulo la dzikolo limaletsa kalabu imene ili ndi mamembala aamuna ndi aakazi kuchepetsa ufulu wa ena chifukwa choti ndi amayi.

Lero makalabu awiriwa amalandira amayi ngati mamembala enieni, amalandiranso anthu oti sadagwirepo mfuti chibadwire, malinga akhale ndi owaperekeza. M'zipinda zodyera mumachitika madyerero a maukwati. Ndipo si zachilendonso kuona mayi wa udindo wa Major atafika pakhomo la Nsanza ndi mwamuna wake, mayiyo n'kutenga cholembera kumusainira bamboyo ngati mlendo wake.